Nsonga za mapiko a tabaini zasalala: tiwotcherere tokha, kapena titani?

Wowerenga wina watilembera motere:

"Ndimagwira ntchito yokonza makina pamalo opangira magetsi. Tili ndi tabaini ya gasi imene yayenda maola pafupifupi 24,000 chiikireni mapiko atsopano. Titasuzumira mkati ndi kamera ya borescope tapeza kuti nsonga za mapiko a mzere woyamba zasalala, pomwe pobwera zinali zokhakhala ngati sandipepa. Pa mapiko atatu, m'mphepete mwa nsonga mwadyeka. Mphamvu ya makina yatsika pang'ono ndipo utsi ukutentha kuposa kale. Mnzanga wina akuti tingowotchererapo chitsulo cholimba chija timaika pa mano a katapila, poti owotcherera aluso tili nawo. Abwana akuti titumize kwa okonza mapiko, koma makampani awiri amene tawafunsa atchula njira zosiyana. Ena akuti amamata timiyala ndi magetsi m'madzi a mankhwala, ena akuti amalowetsa m'ng'anjo. Kodi tinagulitsidwa mapiko achinyengo? Nanga njira yabwino ndi iti?"

Bambo, mtima ukhale m'malo kaye. Pa zimene mwalembazi sindikuona chizindikiro choti munaberedwa. Ndikanadabwa mukanandiuza kuti patapita maola 24,000 mwapeza timiyala ta pansonga, timene timachititsa kukhakhala kuja, tidakali takuthwa ngati tsiku loyamba. Kusalalako timakuyembekezera. Zimene zandiimitsa m'kalata yanu ndi ziwiri: mapiko atatu odyekawo, ndi maganizo a mnzanu aja owotcherera. Tifikako, koma ndiyambe ndi chifukwa chimene timiyalato anatiikira pansonga, pakuti mukachigwira chimenechi mafunso enawo afewa.

Pakati pa nsonga ya phiko ndi khoma lozungulira, limene pantchito timalitcha shroud, pali kampata. Mpweya wotentha umene wazembera pamenepo sunakankhe phiko, ndiye kuti mafuta ake apsa pachabe. Ofufuza a ku NASA Glenn, nthambi ya bungwe la ku America lofufuza za ndege ndi za mlengalenga, analemba mu 2002 kuti pa injini ya ndege, kuchepetsa mpata umenewu ndi kota ya milimita pa tabaini yoyamba kumapulumutsa pafupifupi 1 peresenti ya mafuta, ndipo utsi umazizirako ndi madigiri pafupifupi 10. Kota ya milimita ndi mapepala awiri kapena atatu mutawasanjikiza. Pa makina anu manambala sangafanane ndendende chifukwa mapiko anu ndi aatali, koma mfundo ndi yomweyo: kampata kooneka kachabechabe kamadya mafuta usana ndi usiku.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangoupanga waung'ono basi. Vuto n'lakuti mpatawu sukhazikika. Mukayatsa makina, mapiko amatamuka nthawi yomweyo chifukwa cha kuzungulira, ndipo poti ndi opyapyala amatentha msanga n'kutalikirako. Gudumu limene agwirapo ndi chitsulo chochindikala, limachedwa kutentha, limachedwanso kuzizira. Khoma lakunja nalo lili ndi liwiro lakelake. Ndiye pali nthawi zina pamene zitatuzi zimasemphana, ndipo nthawi yoipitsitsa ndi pamene makina azima mwadzidzidzi, inu n'kuwayatsanso pasanapite nthawi. Khoma lazizira labwerera mkati, gudumu lidakali lofufuma ndi kutentha, mapiko akuyambanso kutamuka. Pamenepo nsonga ndi khoma zimakumana. Opanga injini amadziwiratu kuti zidzakumana, ndipo chimene amasankha ndi chakuti zikakumana adyeke ndani.

Tiyerekeze kuti khoma lapindika pang'ono, monga limachitira khoma lililonse likamakalamba, ndipo lalowa mkati ndi theka la milimita pa kachigawo kamodzi kokha. Ngati khomalo ndi lolimba kuposa nsonga, phiko lililonse podutsa pamenepo lisiyapo kachitsulo, mpaka mapiko onse a mumzerewo afupike ndi theka la milimita. Mpata watseguka kuzungulira konse chifukwa cha kachigawo kamodzi. Koma ngati nsonga ndizo zikudya khoma, pakumbika kangalande pamalo opindika okhawo, kwina konse mpata uli mmene unalili. Muonjezerepo kuti chidutswa cha shroud n'chosavuta kusintha, pamene phiko la mzere woyamba lili m'gulu la zipangizo zodula kwambiri m'makina onsewo. Nkhani yonse ya nsonga zokhakhala yagona pamenepa.

N'chifukwa chake khomalo amalikuta ndi zinthu zoti zizipalika. Mu kompuresa, mmene simutentha kwenikweni, amapopera aluminiyamu wosakaniza ndi silikoni ndi polyester, ndipo nsonga ya chitsulo chabe imapala bwinobwino. Mu tabaini zimenezo zingasungunuke. Kumeneko kawirikawiri amaika zirconia wosakaniza ndi yttria, chinthu cha mtundu wa dothi lowotcha, chokhala ndi timphako tambiri mkati kuti chizinyenyeka. Ngakhale chili ndi timphako, chimalimba kuposa chitsulo cha phiko chikakhala chatentha. Nsonga yopanda kanthu ikakhula pamenepo pa liwiro la mamita 300 mpaka 500 pa sekondi imatentha, imafewa, n'kupakika pakhoma ngati phula. Chopakikacho chikauma chimasanduka chotupa chimene chimapala mapiko onse obwera m'mbuyo. Timiyala ta pansonga timagwira ntchito ngati mano a sowo: timadula, fumbi n'kuuluka ndi mpweya, kutentha osachuluka.

Mwala umene amakonda kuikapo ndi cubic boron nitride, mwachidule cBN. Sachita kukumba m'migodi. Anaupanga koyamba Robert Wentorf wa ku General Electric mu 1957, ndipo kampaniyo inaugulitsa ndi dzina lakuti Borazon. Pa miyala yonolera imaposedwa ndi dayamondi yekha, ndipo timiyala toika pansonga timakula ngati mchenga wosalala, cha m'ma 0.1 mpaka 0.2 a milimita. Dayamondi mwiniwake sangathandize kuno, chifukwa amayamba kupsa mumpweya pa madigiri pafupifupi 700 ndipo nickel wotentha amamudya. cBN amapirira kuposa pamenepo, komabe madigiri akamayandikira 1,000 naye amayamba kugwirana ndi okosijeni n'kusanduka boron oxide, amene amasungunuka ndi kuuluka, makamaka pamene pali nthunzi ya madzi. Utsi wa gasi woyaka uli ndi nthunzi yambiri. Nsonga ya phiko la mzere woyamba imakhala m'moto wotero tsiku ndi tsiku, choncho timiyalato timatha kumayambiriro kwa moyo wa phiko, sitikhala zaka. Ntchito yake inali kukumba njira m'khoma pa kuyatsa koyamba ndi maulendo otsatira apafupi. Njirayo ikakumbika, nsonga imangodutsamo.

Pali miyala ina imene anthu ayesa kuti nsonga izikhalitsa. Silicon carbide sapsa msanga mumpweya, koma akakhudzana ndi nickel wotentha zimadyana n'kupanga zinthu zophwanyika zosachedwa kusungunuka, choncho kamwala kalikonse amayamba akakuta ndi chotchinga monga alumina. Alumina yekha saopa mpweya n'komwe, koma kulimba kwake ndi pafupifupi theka la cBN, ndipo pa zirconia wothinana sadula mwaukhondo. Palibe mwala umene uli ndi zonse.

Tsopano za mnzanu uja. Ndikumvetsa kumene maganizo ake achokera, ndipo mwina anaonapo zofanana ndi zimenezi pa tabaini yomweyo. Mapiko a mizere ya kumbuyo nthawi zambiri amakhala ndi kadenga kumutu kolumikizana ndi ka phiko loyandikana nalo, ndipo pamalo okhudzanapo amawotchererapodi chitsulo cholimba cha cobalt, cha banja la Stellite, kuti pasaperepeseke. Zimenezo n'zoona, koma ndi ntchito ina. Pamenepo zitsulo ziwiri zikungotsamirana ndi kugwedezeka. Pansonga ya mzere woyamba tikufuna chodula, ndipo chitsulo cholimba chosalala sichidula zirconia, chimangokhula n'kutentha. Tungsten carbide wa pa mano a katapila uja amayamba kudyedwa ndi mpweya pa madigiri 500 mpaka 600, pomwe nsonga yanu ili pafupi kuwirikiza pamenepo.

Chachikulu kuposa izi ndi chitsulo cha phikolo. Si chitsulo wamba. Ndi nickel wosakaniza ndi chromium, cobalt, aluminiyamu, titanium, tantalum ndi zina, ndipo mphamvu yake pa moto imachokera ku tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa gamma prime, tomwe timapangidwa ndi aluminiyamu ndi titanium. Tizigawo tomweto n'timene timachititsa kuti chitsulochi chidane ndi kuwotcherera. IN738, amene ali m'matabaini ambiri akale a magetsi, ali ndi aluminiyamu ndi titanium pafupifupi 3.4 peresenti chilichonse, ndipo mukamuwotcherera wozizira amang'aluka pozizira kapena pomutenthetsanso m'ng'anjo. Ming'alu ina imabisala pansi, diso siliiona. Mapiko amakono ndi ovutirapo. Chitsulo wamba chimakhala ndi njere zambirimbiri zogundana, ndipo pa moto ming'alu imayambira m'malire a njerezo. Choncho mapiko ambiri a mzere woyamba amaumbidwa kuti njere zonse ziyang'ane kumtunda, kapena kuti phiko lonse likhale njere imodzi yokha. CMSX-4, René N5 ndi PWA 1484 ndi zitsulo za mtundu wachiwiriwu, ndipo mapiko otere anayamba kuuluka pa ndege zonyamula anthu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mwa zitsulo zimenezi anachepetsamo dala zinthu zolimbitsa malire a njere, poti malirewo mulibe. Mukasungunula nsonga ndi tochi, pozizira pamera njere zatsopano zoyang'ana kulikonse, ndipo mwabweretsa malire m'chitsulo chimene sichinakonzekere kukhala nawo.

Ganiziraninso kulemera. Pa gudumu lozungulira maulendo 3,000 pa mphindi, chinthu chimene chili mita imodzi kuchokera pakati chimakokedwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwake pafupifupi maulendo 10,000. Galamu imodzi yowonjezera pansonga ikukoka ngati makilogalamu 10. Wowotcherera akasiya magalamu asanu paphiko ili ndi awiri pa lina, makina ayamba kunjenjemera, ndipo kachidutswa kakathothoka kamakagunda mizere yonse ya kumbuyo. Owotcherera anuwo sindikuwapeputsa ayi. Nsonga za mapiko zimawotchereredwadi, koma m'bokosi lodzaza mpweya wa argon woteteza chitsulo kuti chisapse, phiko litatenthetsedwa kufika madigiri mazana angapo kapena ndi laser yoyendetsedwa ndi kompyuta, ndi waya wosankhidwira chitsulo chimenecho, ng'anjo yopanda mpweya ikudikira pambali. Luso la manja palokha silikwana pamene zipangizozi palibe.

Tibwere ku makampani awiri aja. Onse akunena zoona, njira zonsezo zilipo ndipo zonse zikuyenda m'makina lero lino.

A magetsi aja amachita chonchi. Amaphimba phiko lonse kusiya nsonga yokha, amatseka timabowo toziziritsira, amatsuka nsongayo ndi asidi, n'kuikapo kansalu kopyapyala ka nickel kuti zotsatira zigwire. Kenako amagunditsa nsonga pa timiyala mkati mwa madzi a mankhwala, magetsi akuyenda, mpaka nickel wagwira kamwala kalikonse kumiyendo. Akatero amapitiriza kudzaza mipata ya pakati pa timiyala ndi nickel kapena cobalt, ufa wa chromium, aluminiyamu ndi yttrium ukukodwa momwemo, kufikira timiyala tatsala mitu yokha kunja. Pomaliza phiko limalowabe m'ng'anjo yopanda mpweya pa madigiri opitirira 1,000 kuti ufa uja ulowererane ndi nickel n'kukhala chitsulo chopirira moto chotchedwa MCrAlY, komanso kuti chilowerere m'phiko. Ubwino wake ndi wakuti pomata palibe chosungunuka, madziwo ndi ofunda chabe, timiyala timakhala mzere umodzi wolingana msinkhu, ndipo kulemera kowonjezeka n'kochepa. Kuipa kwake n'kwakuti zonse zimadalira ukhondo. Kadontho ka mafuta kapena kadzimbiri kotsalira pansonga, nsalu yonse ija imadzasendeka ngati khungwa. Ndiponso njirayi sitalikitsa phiko. Ngati lafupika, liyenera kuwotchereredwa kaye. Funso limodzi loti muwafunse ndi lakuti chogwira timiyalacho ndi nickel yekha kapena MCrAlY, chifukwa nickel yekha ndi wokwanira mu kompuresa koma pa mzere woyamba wa tabaini sachedwa kufooka.

A ng'anjo aja amachita brazing. Amatenga ufa wa chitsulo chofanana ndi cha phiko, amasakaniza ndi ufa wina wosungunuka msanga, amaikamo timiyala, n'kupanga ngati kansalu kapena kambale kodulidwa molingana ndi nsonga. Amakaika pansonga, phiko n'kulowa m'ng'anjo yopanda mpweya pa madigiri 1,100 mpaka 1,200 kapena kupitirirako. Ufa wosungunuka msanga uja uli ndi boron kapena silikoni, ndizo zimatsitsa madigiri osungunukira kuti iwo usungunuke phiko lisanasungunuke. Nickel wosungunuka sanyowetsa cBN, amangogubuduka ngati madzi pa tsamba la mafuta, choncho timiyalato amatikuta ndi titanium kuti tigwirike. Njirayi imapereka nsonga yochindikala, yokhoza kukhala ndi timiyala mizere ingapo, ndipo ikachitika bwino imagwira zolimba chifukwa zitsulo zalowererana.

Koma boron ndi mnzako pomata, mdani pambuyo pake. Akatsalira wambiri pamsoko amapanga tizigawo tophwanyika ngati galasi, ndipo msokowo ungasungunukenso pa madigiri otsika kuposa phiko. Mankhwala ake ndi nthawi: kulisiya phiko m'ng'anjo maola ambiri kuti boron amwazikire m'chitsulo mpaka msoko uume wokha ng'anjo idakali yotentha. Njira imeneyi anaikhazikitsa akatswiri a ku Pratt & Whitney, kampani yopanga injini za ndege, m'zaka za m'ma 1970, ndipo imadziwika ndi zilembo zakuti TLP. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kampani yothamangira kutulutsa katundu imadula maola amenewa chifukwa kunja sizioneka. Choopsa china n'chakuti phiko lonse limatentha, osati nsonga yokha. Madigiri a brazing ayenera kugwirizana ndi ndondomeko yophikira chitsulocho, kenako phiko libwerezedwe m'ng'anjo pa madigiri otsikirapo kuti gamma prime abwerere pa msinkhu wake. Kwa IN738 ndondomeko yodziwika ndi maola 2 pa madigiri 1,120 kenako maola 24 pa 845. Ndiponso phiko la njere imodzi likakhala kuti linamenyedwa kwambiri ndi mchenga potsuka, kapena linagunda penapake, malo opwetekawo amamera njere zatsopano likangofika pa madigiri okwera.

Pali njira yachitatu imene sanakutchulireni, ya laser. Kuwala kumasungunula kadziwe kakang'ono pansonga, ufa wa chitsulo ndi timiyala n'kumathiridwa momwemo. Kutentha kumakhala pamalo ochepa, ndipo wodziwa kuyendetsa bwino amatha kusunga njere ya phiko kuti ipitirire m'chitsulo chatsopanocho. Akapyoza moto, timiyala timapsa kapena kusungunuka m'kadziwemo.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera zaka zapitazo, kuti muone pamene ngozi imabisala. Tinalandira mapiko ochokera kokakonzedwa, ndipo maonekedwe ake anali osiririka, nsonga zonyezimira, timiyala tondondozana bwino, mapepala onse osainidwa. Mnyamata amene ndinkamuphunzitsa ntchito ndiye anatenga limodzi n'kuliyang'anitsa pa nyali, akufuna kungoona mmene kuwala kumatulukira pa timabowo ta pansonga. Anandiitana, akuti, "Abwana, ili likuwala mabowo awiri okha." Ndinatenga kawaya kopyapyala n'kulowetsa pa bowo lachitatu. Kanalowa pang'ono n'kuima, gwa. Chitsulo cha brazing chinali chitayenderera m'bowomo n'kuumira mkati, pakamwa pake pakuoneka potseguka. Titayeza mpweya wodutsa m'phiko lililonse tinapeza enanso angapo otero. Amene anagwira ntchitoyo sanapake bwino mankhwala oletsa chitsulo kuyenderera, ndipo mpweya anayeza asanamate nsonga, osayezanso atamaliza. Mpweya wotuluka m'chipinda choyakira gasi cha tabaini yamakono umatentha kuposa madigiri amene chitsulo cha phiko chimasungunukira. Chimene chimalisunga ndi mpweya wozizirirapo wodutsa mkati mwake, ndipo timabowo ta pansonga timatulutsanso fumbi kuti lisaunjikane m'njirazo. Tikanawamanga mapiko amenewo, nsonga zikanapsa, ndipo tikanaloza chala timiyala tosalakwa.

Ndiye ndisankhe iti? Ine ndimayamba ndi njira imene wopanga makinawo anagwiritsa ntchito ndi kuivomereza pa phiko la nambala imeneyo, chifukwa inayesedwa pamodzi ndi khoma lakelo. Pakakhala ufulu wosankha, pa phiko la njere imodzi limene silinafupike kwambiri ndimatsamira ku njira ya magetsi, poti siifika pafupi ndi madigiri osungunula kanthu. Pamene nsonga yadyeka ndipo pakufunika nyama yowonjezera, brazing kapena laser ili ndi malo ake. Komabe ndaona ntchito yabwino ndi yoipa pa njira zonse, moti ndimayang'ana kwambiri wogwira ntchitoyo kuposa dzina la njira.

Wokonza weniweni sayambira pansonga. Amachotsa zokutira zakale, amafufuza ming'alu ndi madzi owala pa nyali ya ultraviolet, amajambula ndi X-ray, amayeza kuchindikala kwa makoma a phiko, ndipo amapempha chilolezo chodula phiko limodzi kuti aone ndi maikulosikopu ngati chitsulo chatopa. Ambiri amadandaula ndi phiko lodulidwalo, koma ndi lokhalo limene limakuuzani ngati enawo ali oyenera kuwonongerapo ndalama. Kenako amawotcherera ofupika, amagaya onse kufika msinkhu umodzi, amaphika, amakuta, amamata timiyala, amayeza mpweya, n'kuyeza kulemera kwa phiko lililonse kuti adziwe malo ake pagudumu. Afunseni makampani anuwo kuti anakonzapo mapiko a mtundu womwewu kangati, ndipo anabwerako ali bwanji atayenda. Apempheni zithunzi za nsonga yodulidwa pakati, zoonetsa msoko ndi mmene timiyala tamirira. Afunseni ngati amaika tizitsulo toyesera m'ng'anjo pamodzi ndi mapiko, komanso ngati adzakupatsani tchati cha madigiri a ng'anjo. Afunseni kuti mpweya amayeza liti. Chiphaso cha Nadcap, chimene chimaperekedwa kwa opanga ndi okonza zipangizo za ndege akawunikidwa, pa ntchito ya ng'anjo ndi ya zokutira ndi chizindikiro chabwino, ngakhale sichilowa m'malo mwa mafunsowa. Amene akuzemba kuyankha, kapena amene wakupatsani mtengo wotsiriza asanaone phiko ngakhale limodzi, musiyeni apite.

Musaiwale khoma. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: nsonga zatsopano pa shroud wakale wokumbika kale sizibweza mphamvu imene mwataya, chifukwa ngalande ilipo kale ndipo timiyala tidzangopsa tisanadule kanthu. Zirconia naye akakhalitsa pamoto timphako take timatsekeka n'kulimba, sapalikanso monga poyamba. Konzani zonse ziwiri pa nthawi imodzi, ndipo muonetsetse kuti wokuta khoma akudziwa mtundu wa nsonga imene ikubwera. Mukamanga, tsatirani ndondomeko ya wopanga pa kuyatsa koyamba, pakuti masiku amenewo ndi pamene timiyala tili ndi mano. Nsonga iyenera kulowa m'khoma pang'onopang'ono. Makina akazima mwadzidzidzi m'masiku oyambawo, musathamangire kuyatsanso, asiyeni pa giya yotembenuza pang'onopang'ono kwa nthawi imene buku lanena.

Za mphamvu yotsikayo, ndisakunamizeni kuti nsonga ndizo zokha. Pa matabaini a magetsi wakuba wamkulu nthawi zambiri ndi litsiro la pa mapiko a kompuresa ndi masefa otsekeka. Tsukani kompuresa makina atazima, onani masefa, ndipo muyerekeze manambala mutawakonza molingana ndi kutentha kwa kunja, chifukwa tsiku lotentha tabaini iliyonse imafooka. Chotsala pambuyo pa zimenezo ndicho mungachiike pa mipata ndi kutha kwa zipangizo za kumoto.

Mapiko atatu aja ndiwo akufuna maso. Maola 24,000 ndi nthawi imene opanga ambiri amati mbali ya kumoto itsegulidwe, choncho simuli kutali ndi ndondomeko. Bwererani ndi borescope yokhala ndi choyezera, muone ngati kudyekako kwathera pa kampanda ka m'mphepete mwa nsonga kapena kwafika pa denga lotseka njira za mpweya. Yang'anani ming'alu: ing'onoing'ono ya pa kampanda nthawi zambiri buku la wopanga limailola mpaka muyezo wina, koma mng'alu wotsika m'phiko kulowera kumunsi, kapena wolumikiza timabowo tiwiri, si woti mudikire nawo. Onani ngati atatuwo ali oyandikana, zimene zingaloze ku chinthu chimene chinagunda, kapena ali omwazikana, zimene zimandiganizitsa za timabowo totsekeka. Yang'ananinso khomalo. Ngalande yosalala yoyera ndi nkhani yabwino, pamene chitsulo chopakika kapena zirconia wothothoka mpaka chitsulo cha pansi kuonekera ndi nkhani ina.

Mukapeza bowo lolowa m'kati mwa phiko, mng'alu wotsika, chidutswa chosowa, kapena mwaona kuti kunjenjemera kwasintha kapena matemokapo, tizipangizo toyeza kutentha kwa utsi, ayamba kusiyana kwambiri, zimitsani makina ndipo muitane injiniya wa wopanga kapena katswiri woima payekha wa zitsulo za kumoto musanayatsenso. Kwa anzathu a injini za ndege pano palibe n'kukambirana komwe: kukonza kotere kumachitika m'malo ovomerezeka pansi pa malamulo monga Part 145 a FAA kapena EASA, mabungwe oyang'anira za ndege ku America ndi ku Ulaya, motsatira ndondomeko yovomerezeka ya phikolo.

Ngati kudyekako kuli m'kati mwa malire a buku ndipo abwana akufuna kuyendetsabe mpaka mapiko ena afike, lembani manambala a malo a mapiko atatuwo, jambulani lililonse kamera itaima mbali imodzimodzi, ndipo mufupikitse nthawi yosuzumiranso. Zithunzi ziwiri zotalikirana maola mazana angapo zidzakuuzani ngati kudyekako kwaima kapena kukuyenda, ndipo zimenezo ndi zimene injiniya adzayambe kukufunsani mukamuimbira.